Mayi Althea Gibson, Katswiri ndi Mphunzitsi wa Tenisi

Tenisi ndi masewero a anthu awiri kapena anayi. Pakati pa bwalo amamangapo ukonde, ndipo osewera amamenya kampira kakang'ono ndi chomenyera cholukidwa ndi zingwe, kuti kadumphe ukondewo ndi kugwera mbali ya mnzawo. Wolephera kukabweza ndiye waluza. Ku Amereka, kwa zaka zambiri, anthu akuda sanali kuloledwa kulowa m'mipikisano yaikulu ya masewerowa. Woyamba kulowamo anali mayi, dzina lake Althea Gibson.

Mayiyu anabadwa m'chaka cha 1927 ku South Carolina. Makolo ake anali kulima thonje m'munda wa eni, nagawana nawo zokolola. Umphawi utakula, banjalo linasamukira ku Harlem, mu mzinda wa New York. Kumeneko Althea anayamba kusewera mumsewu ndi chomenyera chathabwa, ndipo pofika zaka 12 anali ataposa atsikana onse a mumzindamo. Koma sukulu anali kuithawa.

M'chaka cha 1946 madotolo awiri akuda, a Hubert Eaton ndi a Walter Johnson, anaona luso lake. A Eaton anamtenga kukakhala kunyumba kwao kuti abwerere kusukulu, ndipo pa nthawi ya tchuthi a Johnson anali kuyenda naye kumipikisano. Chotero anatsiriza sukulu ya sekondale mu 1949, natsirizanso maphunziro a pa koleji ya Florida A&M mu 1953. Pambuyo pake anaphunzitsa masewero olimbitsa thupi pa Lincoln University ku Missouri.

Ngakhale anali kupambana chaka ndi chaka pakati pa akuda anzake, akuluakulu a tenisi sanamuitane ku mpikisano wa dziko lonse. Mu 1950 mayi wina wachizungu, Alice Marble, amene anali katswiri kale, analemba kalata yowadzudzula poyera. Chaka chomwecho Althea analoledwa kusewera ku Forest Hills. Mu 1956 anapambana mpikisano wa ku France. Mu 1957 anapambana pa Wimbledon ku Mangalande, nalandira mphotho yake m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth II, napambananso mpikisano wa ku Amereka. Mu 1958 anapambananso mipikisano iwiri yomweyi.

Koma masiku amenewo wopambana sanali kulandira ndalama, ndipo mbale yasiliva siidyedwa. Chifukwa cha ichi anasiya mipikisano yaikuluyo atangopambana mu 1958, nayamba kufuna njira zina zopezera chakudya, monga kuimba ndi kusewera gofu.

Ntchito imene anaigwira nthawi yaitali inali yophunzitsa. Anali kuyenda m'mizinda ndi ukonde ndi zomenyera, kuphunzitsa ana a anthu osauka amene analibe bwalo. Anathandizanso atsikana akuda monga Leslie Allen ndi Zina Garrison. Ameneyu anafika pa masewero otsiriza a Wimbledon mu 1990. Althea Gibson anamwalira mu 2003, ali ndi zaka 76.

Aphunzitsi ndi makolo angaone pa mbiriyi kuti luso la mwana silikula lokha. Mtsikana wothawa sukulu uja anapeza akulu omusunga ndi kumuumiriza kuphunzira, ndipo iye atakula anachita chimodzimodzi kwa ana a ena.