Hattie McDaniel: wanchito wa m'nyumba amene anapambana Oscar

Akuluakulu a kuno ku Chadiza amene anaseŵenzako ku Fort Jameson, ku migodi kapena ku Salisbury amakumbukira masiku amene munthu wakuda anali kugulira nyama pawindo, mzungu nalowa pakhomo. Masiku ngati amenewo analiponso ku America, ndipo mai wina wa m'mafilimu, Hattie McDaniel, anawalawa.

Hattie anabadwa m'caka ca 1893 ku Wichita, m'cigawo ca Kansas. Anali cisinda m'banja la ana 13, ndipo makolo ake onse aŵiri anabadwira mu ukapolo. Anayamba ndi kuimba, koma cuma ca America citagwa mu 1929 anapeza nchito yosamala cimbudzi pa malo ena a zisangalalo ku Milwaukee. Mu 1931 anapita ku Los Angeles kukayesa mwai m'mafilimu.

Kumeneko mai wakuda anali kupatsidwa mbali imodzi yokha: wophika, wocapa kapena mlezi wa ana a azungu. Hattie anaseŵera mbali zotere kambirimbiri. Mu 1939 anaseŵera Mammy mu filimu ya Gone with the Wind. Pamene anaionetsa koyamba ku Atlanta mu Disembala caka cimeneco, iye sanapiteko cifukwa malamulo a tsankho sanalole.

Pa 29 Febuluwale 1940 analandira mphoto ya Oscar, munthu wakuda woyamba kuilandira. Koma mwambowo unacitikira mu Ambassador Hotel imene inali ya azungu, ndipo anamukhazika pa tebulo la pambali, kutali ndi anzake a mu filimuyo.

Ngakhale akuda anzake sanamusiye. Atsogoleri a bungwe la NAACP anati mbali za wanchito zinali kunyozetsa mtundu. Iye anayankha kuti kuseŵera wanchito nkulandira madola mazanamazana kunali bwino kuposa kukhala wanchito weniweni wa madola ocepa. Ife tiona kuti onse anali ndi mfundo. Koma Hattie sanali wamantha: mu 1945 iye ndi anzake anapambana mlandu pamene azungu a m'dera la Sugar Hill anafuna kuwathamangitsa m'nyumba zimene anagula ndi ndalama zao.

Anamwalira ndi khansa ya m'maŵere pa 26 Okutobala 1952. Anapempha kuikidwa ku manda a Hollywood, koma eni ake anakana cifukwa ca khungu lake, motero anaikidwa ku Rosedale. Mu 1999 ndi pamene manda a Hollywood anamuimikira mwala wa cikumbutso.

Nkhaniyi itikhudza bwanji ife alimi? Caka ciliconse tikakolola, atsikana a m'midzi yathu amatengedwa kupita ku Chipata ndi ku Lusaka kukaseŵenza m'nyumba za anthu. Ena amadyera kukhichini banja litatha kudya, ena miyezi imapita osaona malipiro. Amene amawakhazika pambali tsopano si azungu, ndife tokha.

Makolo, musanapereke mwana, dziŵani nyumba imene apita, mugwirizane za malipiro, ndipo wa msinkhu wa sukulu akhale pa sukulu. Inu amene muli ndi wanchito, funso ndi ili: kodi madzulo ano adyera kuti?