Kukongoletsa chipinda cha mwana m'thumba muli mochepa: mafunso ndi mayankho

Makolo ambiri a mu Lusaka akaona zipinda za ana m'mashopu a ku Manda Hill kapena pa zithunzi za pa Facebook amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Izi n'za anthu a ku Kabulonga." Komatu zambiri zimene chipinda cha mwana chimafuna zimapezeka ku Kamwala ndi m'misika yoyandikana nayo, bola munthu adziwe choyamba kugula ndi choyenera kudikira.

Kodi ndalama zikakhala zochepa, tiyambire pati?

Yambirani pogona. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse, choncho palibe chinthu m'chipindamo chimene angachigwiritse ntchito kuposa matiresi. Gulani atsopano, olimba, oti mukawadinikiza ndi dzanja abwerere msanga m'malo mwake. Mabulangete ndi makatani a salaula alibe vuto mukawachapa ndi madzi otentha n'kuwasita, koma matiresi ogwiritsidwa kale ntchito amatha kubwera ndi nsikidzi, ndipo kuzithetsa kumadya ndalama zoposa zimene munapulumutsa. Chachiwiri ndi neti ya udzudzu yokhala ndi mankhwala. Ikapachikidwa bwino pa ngodya zinayi za bedi, iyo yokha imapatsa chipinda maonekedwe audongo. Ngati mwanayo ndi wakhanda, azigona chagada pamalo osalala ndi olimba, opanda mapilo kapena zidole.

N'chifukwa chiyani anthu amati pitani ku Kamwala?

Nthawi ya atsamunda, Lusaka atakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, malonda a m'tauni anali ogawidwa potengera khungu. Dera la Kamwala linkatchedwa Second Class Trading Area, ndipo n'kumene amalonda ochokera ku India ankagulitsa nsalu ndi katundu wa m'nyumba kwa anthu akuda. Tsankholo linapita, koma malonda a nsalu anakhazikika pomwepo. Lero mashopu a zitenje, makatani, mabulangete ndi ziwiya zapulasitiki ali khomo ndi khomo, pamodzi ndi msika wa Luburma, ndipo ambiri amagulitsa mopikulitsa. Kuchuluka kwa ogulitsa katundu wofanana n'kumene kumatsitsa mitengo. Choncho musagule m'shopu yoyamba, ndipo musachoke pakhomo musanayeze zenera, bedi ndi khoma n'kulemba miyezoyo papepala.

Kodi chitenje chingagwire ntchito yanji m'chipinda cha mwana?

Ntchito yake ndi yaikulu kuposa ya chokongoletsera china chilichonse. Chitenje chimodzi chimakhala pafupifupi mamita 2, ndipo zitenje ziwiri zimakwanira makatani a zenera laling'ono. Chichapeni kaye musanapite nacho kwa telala, pakuti nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba ndipo ina imasuluka. Kuseri kwa makatani telala asokereko shiti yakale yoyera, kuti dzuwa la mu Okutobala lisawononge mtundu komanso kuti m'chipinda muzikhala mdima wogonera. Sankhani mitundu iwiri kapena itatu yokha, muibwereze pa makatani, pa pilo ndi m'mphepete mwa chofunda.

Zidutswa zotsala musazisiye kwa telala. Mpempheni asoke nsalu yokhala ndi matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu yoti muipachike kuseri kwa chitseko: thumba lina la masokosi, lina la chipeso ndi mafuta odzola, lina la mapensulo. Mwana akadziwa kuti chilichonse chili ndi thumba lake, m'mawa wa tsiku la sukulu mumachepa kufunafuna ndi kukalipa.

Nanga penti? Kodi n'kofunika kupenta chipinda chonse?

Ayi. Khoma limodzi, makamaka la kumutu kwa bedi, limakwanira kusintha chipinda. Khoma la mamita 3 m'litali ndi mamita 2.5 m'mwamba ndi masikweya mita 7.5, ndipo lita imodzi ya penti imapaka pafupifupi masikweya mita 8 mpaka 10 ulendo umodzi. Malita 2 akwana kupaka kawiri. Gulani penti wosungunula ndi madzi, uja amati PVA, chifukwa amauma msanga ndipo fungo lake silichedwa kutha.

Samalani ndi penti wakale wamafuta wa pa zitseko, pa mafelemu a mazenera ndi pa mabedi achitsulo, pakuti wina amakhala ndi mtovu. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo wa mtovu umene ndi wosavulaza m'thupi, ndipo umawononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono. Anthu a m'Zambia amaidziwa nkhaniyi kuchokera ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likudwalitsabe ana. Penti wakale musamupale ali wouma mwana ali pafupi, ndipo fumbi lake lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Khoma likakhala ndi chinyezi m'nyengo yamvula, konzani kaye podontha, apo ayi penti adzafundukuka. Ngati nyumba ndi yalendi, funsani kaye eni nyumba.

Kodi bedi ndi mashelefu tigule kuti?

Amisiri a matabwa a m'mbali mwa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga amapanga bedi molingana ndi muyezo wa chipinda chanu, ndipo matabwa amapezeka ku msika wa Buseko. Onetsetsani kuti thabwa ndi louma, pakuti laliwisi limapindika pakapita miyezi yochepa. Auzeni akweze bedi pang'ono kuti pansi pake pazilowa mabokosi a zovala. Ana akamagona awiri, bedi losanjikiza limapulumutsa malo, koma wosakwana zaka 6 asagone pamwamba. Shelefu kapena kabati yaitali ikhomeredwe kukhoma, chifukwa ana amakwera ndipo imatha kuwagwera.

Zoseweretsa zisungidwe m'madengu. Ku Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, nyumba zozungulira zimene atsamunda anamangira amuna ogwira ntchito m'tauni zinasandutsidwa malo a zaluso mu 1974, ndipo amisiri a kumeneko amagulitsa madengu ndi zosemasema. Dengu silisweka ngati pulasitiki, ndipo mwana wamng'ono amatha kulinyamula yekha. Mkeka woyalidwa pambali pa bedi umateteza mapazi ku simenti yozizira ya mu Juni ndi Julayi, komanso ndi wosavuta kukung'untha panja poyerekeza ndi kapeti wosunga fumbi.

Magetsi akazima, tiziunikira ndi chiyani?

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi opangira magetsi ku damu la Kariba, mabanja ambiri a mu Lusaka ankakhala tsiku lathunthu opanda magetsi. Nyali ya sola kapena yotchaja ndi yofunika kuposa chokongoletsera chilichonse cha pakhoma. Kandulo isalowe m'chipinda chokhala ndi neti ndi makatani. Mbaula nayo isalowemo ngakhale kuzizire bwanji: makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo.

Bwanji ngati mwana alibe chipinda chakechake?

M'nyumba zambiri za ku Kabwata ndi Chelstone ana amagona awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Aliyense apatsidwe mbali yake: shelefu yake, msomali wopachikapo chikwama chake, ndi chingwe chopanirapo zojambula zake. Mutengeni mwanayo ku Kamwala akasankhe yekha pakati pa zitenje ziwiri zimene mungakwanitse kugula. Chimene mwana wasankha yekha amachisamala, ndipo chizolowezi choyala bedi ndi kubwezera zinthu m'malo mwake chimayambira pomwepo.

Kodi zonsezi ziyenera kuchitika nthawi imodzi?

Ayi ndithu, pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwezi woyamba gulani matiresi ndi neti, wachiwiri nyali ndi zitenje, wachitatu penti, kenako shelefu ndi madengu. Musatenge ngongole ya katapila chifukwa cha makatani, pakuti chiwongoladzanja chake chidzadya ndalama ya chakudya ndi ya yunifolomu ya mwana yemweyo.