Maukwati a amuna kapena akazi okhaokha: khoti lidati chiyani, nanga ife tili pati?

Mu July 2023 misewu ya m'mizinda yathu idadzaza ndi anthu onyamula zikwangwani. Masheikh ovala mikanjo adayenda limodzi ndi ansembe komanso abusa, amayi ovala hijab ali pambali pa amayi a mvano. Uthenga udali umodzi: dziko la Malawi lisavomereze maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidapereka chigamulo chake mu Blantyre, ndipo ambiri mwa ife mitima idakhala pansi. Komabe tikafunsana pakhonde la mzikiti itatha swala ya Jumu'ah kuti majaji adaweruza chiyani kwenikweni, mayankho amasiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho tiyeni tiyiunike nkhaniyi mofatsa.

Mlandu umene udali m'khoti sudali wopempha chilolezo cha ukwati. Anthu awiri, wina nzika ya dziko la Netherlands, wina Mmalawi amene adaweruzidwa ku Mangochi, adapempha khoti kuti lithetse ndime 153, 154 ndi 156 za buku la malamulo a milandu. Ndimezi, zomwe tidazitengera kwa atsamunda a ku Britain, zimapereka chilango cha zaka zofika 14 kundende kwa wopezeka wolakwa pa mchitidwe wogonana umene lamulo limautcha wosemphana ndi chilengedwe. Awiriwa ankati ndimezi zikuphwanya ufulu wawo wokhala ndi chinsinsi, ulemu wa umunthu komanso ufulu wosasalidwa. Majaji atatu adakana pempholi, nanena kuti amene sakukhutira ndi malamulowa apite nawo ku Nyumba ya Malamulo, kumene malamulo amasinthidwira.

Nkhani ya ukwati ili m'lamulo lina. Lamulo la maukwati, kusudzulana ndi ubale wa m'banja la 2015 limanena kuti ukwati ndi wa anthu awiri osiyana chibadwa, mwamuna ndi mkazi, ndipo limatenga munthu monga momwe adabadwira. Lamulo lomweli limavomereza ukwati wa kwa DC, wa pamudzi ndi wachipembedzo, kotero nikah yathu ili ndi malo pamaso pa boma. Awiri aja akadapambana mlandu, lamuloli likadakhalabe chilili.

Mkanganowu ngwakale. Mu December 2009 anthu awiri adachita chinkhoswe mu Blantyre, apolisi adawamanga, ndipo mu May 2010 khoti lidawalamula kukakhala kundende zaka 14. Patangopita masiku ochepa, Bingu wa Mutharika adawakhululukira atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, Ban Ki-moon. Mu 2012 boma lidalengeza kuti layamba laimitsa kumanga anthu pa milandu yotere, koma malamulowo sadachotsedwe m'buku. Chiyambire pamenepo, Amalawi ambiri amaona kuti nkhaniyi imabwera ndi mawu a mayiko otithandiza, ndipo n'chifukwa chake imautsa mkwiyo msanga.

Mabungwe omenyera ufulu, monga CEDEP ndi CHRR, ali ndi mfundo zawo zimene tiyenera kuzidziwa ngakhale tisakugwirizana nawo pa zambiri. Iwo amati kuopa ndende kumachititsa ena kuthawa chipatala, kuphatikizapo chithandizo cha HIV, ndipo womenyedwa kapena wolandidwa ndalama moopsezedwa amaopa kukadandaula kupolisi. Atsogoleri azipembedzo ndi mafumu ambiri amayankha kuti kuchotsa chilango ndi khomo lolowera ku ukwatiwo, ndipo banja la mwamuna ndi mkazi ndilo maziko a mtundu.

Dziko la South Africa, kumene abale athu ambiri a ku Mangochi ndi Machinga amapita kukagwira ntchito, likutipatsa phunziro. Khoti lalikulu la kumeneko lidagamula mu December 2005 kuti kukaniza anthu otere ukwati n'kusalana, ndipo mu November 2006 dzikolo lidakhala loyamba mu Africa kuvomereza maukwatiwa. Lamulo lawo silikakamiza sheikh kapena m'busa kumangitsa ukwati wotsutsana ndi chikhulupiriro chake. Chodabwitsa n'chakuti maukwati a Chisilamu adakhala zaka zina zambiri osavomerezeka mokwanira, mpaka khoti lomwelo lidagamula mu June 2022 kuti boma likulakwira amayi ndi ana a m'mabanja a Chisilamu. Zaka zonsezo nikah idali yathunthu pamaso pa Allah, koma mayi wosudzulidwa ankavutika kupeza gawo lake la chuma pamaso pa boma. Apa tikuona kuti lamulo la dziko silingapange kapena kufafaniza nikah, komabe limakhudza chakudya cha ana ndi denga la mayi. Ndi chifukwa chokwanira choti Msilamu aziwerenga malamulo a maukwati mwachidwi.

Chiphunzitso chathu pa ukwati n'chodziwika ndipo sichidikira chigamulo cha khoti. Nikah ndi pangano la mwamuna ndi mkazi, lomangidwa onse atavomera, pamaso pa wali ndi mboni ziwiri, mahari ataperekedwa. Maulama a madhhab onse anayi amagwirizana kuti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha n'koletsedwa. Tili ndi ufulu wonena zimenezi pa mimbar, pawailesi ngakhale mumsewu.

Koma Qur'an yolemekezeka yomweyo imatimanga manja pa zinthu zina. Surah Al-Hujurat imaletsa kuganizirana zoipa, kufufuza zinsinsi za ena ndi miseche. Surah An-Nur imaika chilango chokhwima pa wonamizira mnzake chiwerewere popanda mboni zinayi. Mu fiqh, kuweruza ndi kulanga ndi ntchito ya olamulira, osati ya gulu la anyamata okwiya pamsika. Mnyamata akalozedwa chala chifukwa cha kayendedwe kapena mawu ake, chithunzi chake n'kuyamba kuzungulira pa WhatsApp, amene watumiza uja wachimwa kale asadadziwe n'komwe ngati nkhaniyo ndi yoona. Mnyamatayo ali ndi mayi, ali ndi dzina, ndipo mwina amaswali pamzere umodzi ndi ife. Womumenya kapena womuthamangitsa pakhomo waphwanya lamulo la dziko ndi la chipembedzo nthawi imodzi.

Choncho pali mafunso atatu amene tisamawaphatikize: kodi boma livomereze ukwatiwu, kodi mchitidwewu ulangidwe ndi ndende, komanso kodi munthu woganiziridwa tikhale naye motani. Funso loyamba lidayankhidwa ndi lamulo la 2015. Lachiwiri majaji adalisiya m'manja mwa aphungu, ndipo tsiku lina lingadzafike m'Nyumba ya Malamulo. Likadzafika, tidzapite kwa phungu wa dera lathu tikudziwa ndime imene ikukambidwa ndi chimene tikupempha. Funso lachitatu silidikira phungu kapena jaji. Timaliyankha tokha tsiku lililonse, pakhomo, ku madrassa ndi pafoni imene ili m'manja mwathu.