Mnyamata Wophonya Kiyi Nyimbo Ikakwera

*M'kwaya mwathu muli mnyamata wa zaka 15. Pansi amaimba bwino, koma nyimbo ikakwera amasochera. Kodi alibe khutu la nyimbo?*

Mawu amenewa athamangitsa ana ambiri m'makwaya, ndipo amandipweteka. Mwana amene amatchula mosiyana mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga ku golosale amadziwa kale kukwera ndi kutsika kwa mawu, pakuti Chichewa chimayendera pamenepo. Nanga mwati pansi amaimba bwino, ndiye amagwiritsa ntchito khutu la yani? Anthu obadwa osamva kusiyana kwa manotsi alipo, koma ndi ochepa kwambiri. Wanuyo vuto lili pakhosi.

*Pakhosipo chikuchitika n'chiyani?*

Pano ndiye pokoma. M'kholingo muli timinofu tiwiri timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa. Mnyamata akamakula, nthawi zambiri pakati pa zaka 12 ndi 15, timatalika n'kunenepa, mawu n'kutsika pafupifupi kuchoka pa doh wapamwamba kufika pa doh wapansi. Mwamuna akamalankhula timanjenjemera ka 120 kapena chapompo pa sekondi, pamene C wa pakati pa kiyibodi amafuna ka 262. Kuti afike kumeneko, timinofuto tiyenera kutamuka ndi kupyapyala, monga mmene waya wa banjo amalirira mokwera ukamukunga. Mnyamatayo wazolowera mawu olemera olankhulira, ndiye amafuna kukwera nawo omwewo. Muyang'aneni: chibwano m'mwamba, mitsempha ya m'khosi tototo, noti n'kutsalira pansi. John Cooksey wa ku America anafufuza kusinthaku ndipo anaonetsa kuti kumayenda pang'onopang'ono, mwa magawo. Choncho noti imene inatheka chaka chatha ikhoza kukana lero.

*Tizimuuza kuti akankhe mwamphamvu?*

Ayi. Kukankha ndiko kukumutsekera njira.

*Nanga tiyambire pati?*

Yambirani pa noti yake, osati ya kiyibodi. Aimbe pamene pamukomera, inu mumupeze pomwepo, muimbe naye, kenaka mukwere limodzi sitepe imodzi. Ngati mphunzitsi ndinu mayi, pezani bambo amuimbire, chifukwa mawu anu ali pamwamba ndipo amamusokoneza. Ine ndimakonda kumuuza aitane mnzake amene ali kutsidya kwa dambo: "Uuu!" Kamawu kopyapyala kaja kamatuluka kokha, iye osadziwa kuti waimba noti imene amaiopa. Atsetsereke nako pansi ngati sayirini ya ambulansi. Ayesenso kung'ung'udza pa "ng'" wa ng'ombe, motsitsa mawu. Akagwa pakati, musaseke, ndipo anzake asakhalepo masiku oyamba. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Loweruka.

*Bwanji tingomuika ku besi?*

Muikeni pamene mawu ake ali lero, koma mumuyesenso pakatha miyezi itatu. Ena amakathera ku tena.

*Mazira aawisi amathandiza?*

Chakudya chimadutsa kum'mero, sichikhudza timinofuto. Azimwa madzi, ndipo mawu akasasa kwa masabata opitirira atatu, apite kuchipatala.