Kodi mumadziwa kuti mabuku aubatizo angakuuzeni kumene makolo anu anachokera?

Mabanja ambiri a ku Chinakanaka, m'boma la Mulanje, ndi zidzukulu za Alomwe omwe anachoka ku Mozambique kuyambira m'ma 1890, pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwira ntchito ya thangata m'minda ya azungu ku Mulanje ndi Thyolo. Ambiri amati mbiri yawo singalondoleke chifukwa anthuwo anaoloka malire opanda chikalata, ndipo boma linayamba kupereka ziphaso zaunzika kwa aliyense mu 2017. Koma kusowa kwa mapepala a boma sikutseka njira yonse. Ku Ireland, kumene anthu oposa miliyoni anasamuka panthawi ya njala ya 1845 mpaka 1852, zolembedwa zambiri za kalembera zinapsa ku Dublin mu 1922. Komabe zidzukulu zawo ku America zimapeza makolo m'mabuku a mipingo.

Ifenso mabuku otere tili nawo, m'maparishi a Katolika ndi m'mipingo ya CCAP, pomwe zikalata za atsamunda zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Pa tsamba limodzi lofiirira la buku laubatizo mungapeze dzina la mwana, la makolo ake, mudzi ndi tsiku laubatizo. Ena adzati alembi ankapotoza mayina, komanso kuti dzina la bambo silithandiza kwenikweni pakati pa anthu olondola mtundu kuchikazi. N'zoona, n'chifukwa chake musanatsegule buku muyambe mwakhala pansi ndi agogo aakazi ndi amalume, mulembe mayina onse amene munthu ankadziwika nawo, mfumu imene inawalandira, ndi manda kumene anagona oyamba kufika.