Tsamba Lodumphidwa Pamzere

Wosankha fodya ku Lisasadzi akayala masamba pamzere, nachotsa lachitatu chifukwa cha nkhungu, nasendeza otsalawo kuti atseke mpata, tsamba lachinayi limasanduka lachitatu. Tsono dzanja likapitirira pamalo achinayi, tsamba lija ladumphidwa osaliona. Likakhala lowola, lilowa m'belo ndi kukagwetsa mtengo kumsika.

Cholakwa chomwechi chimagwera olemba mapulogalamu a kompyuta. M'chinenero cha Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, munthu wochotsa zinthu zofanana pamndandanda uku akuuwerenga amasiya chimodzi mwa ziwiri zogundizana, makinawo osamuchenjeza konse. Odziwa ntchito amayambira kumapeto kubwerera kumayambiriro, pakuti zosenderazo zimakhala zoonedwa kale. Ena amangosanja mndandanda watsopano wa zoyenera kutsala.