Nyengo ya Zisudzo ku Mchinji: Wolipira Ndiye Amasankha Chiyankhulo

M'mizinda ikuluikulu monga London ndi Johannesburg, nyumba ya zisudzo imalengezeratu masewero onse amene idzaonetse chaka chimenecho: oseketsa angati, okhudza mtima angati, ndi tsiku limene ana a sukulu adzakwere pa nsanja. Munthu amagula tikiti kudakali miyezi itatu. Kwathu ku Mchinji kulibe nyumba imene inamangidwira zisudzo zokha, ndipo palibe amene amakhoma mndandanda wotere pa mtengo. Komabe ine ndikhoza kukuuzani lero mitundu ya masewero amene adzaonetsedwe m'bomali kuyambira Epulo mpaka Disembala, ndipo sindingaphonye kwenikweni. M'chimangirizo chino ndifotokoza mmene mndandanda wosalembedwawu umayendera. Mfundo yanga ndi yakuti sewero lililonse lili ndi amene amalilipirira, ndipo wolipirayo ndiye amasankha chiyankhulo chimene ochita sewero ayankhule.

Boma la Mchinji, limene nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Manning, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kumadzulo kwa Lilongwe. Kwa munthu wa pa boma, mzinda wa Chipata ku Zambia uli pafupi kuposa likulu la dziko lake. Amangodutsa pa chipata cha Mwami n'kufika. M'bomali muli Achewa, Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu amene ndi abale a Angoni a Mpezeni, komanso Ansenga. Ambiri ndife alimi a chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Choncho ndalama m'thumba la munthu zimabwera ndi kupita motsata munda. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo munthu sangatulutse ndalama kuti akaseke. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, mtedza n'kuyamba kukumbidwa, zinthu zimasintha. Pa Kamwendo, pa Mkanda, pa Kapiri ndi pa Waliranji pamadzaza anthu ogula ndi ogulitsa. Mvula yatha, misewu yauma, ndipo bwalo lililonse likhoza kusanduka nsanja.

Oyamba kutulukira pa nthawiyi ndi a nthabwala. Magulu awa amakhala a anthu ochepa, kawirikawiri anyamata ndi mtsikana mmodzi kapena awiri. Ena amabwereka holo kapena kalasi n'kuika munthu pakhomo wotolera ndalama. Ena amangoima pa msika tsiku la kabwandire, n'kuyendetsa chipewa sewero likatha. Zovala zawo ndi jekete long'ambika, nsapato zosiyana, ndi ufa pang'ono kumutu kuti munthu aoneke nkhalamba. Sewero sililembedwa. Amagwirizana chabe kuti nkhani iyambira pati, ithera pati, ndipo mawu amabadwira pa bwalo pomwepo.

Luso limeneli silinayambire ku Mchinji. Makolo athu anakula akumvera Kapalepale ndi Pamajiga pa wailesi ya MBC. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, gulu la Kwathu la ku Blantyre, limene Charles Severe anali mmodzi mwa oliyambitsa, linaonetsa kuti sewero la Chichewa likhoza kudzaza holo ndi anthu olipira okha pakhomo. M'gulu lomwelo munali John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021, koma mpaka lero mnyamata wa pa Kamwendo akafuna kuseketsa anthu amatenga kapangidwe komweko ka anthu awiri, wina wodzitenga wochenjera, wina wooneka wopusa, ndipo pamapeto pake osadziwika kuti wapusitsa mnzake ndani.

Chimene a nthabwala a ku Mchinji ali nacho, chimene a ku Blantyre alibe, ndi malire. Mu 1968 boma la Malawi linasankha kuti chiyankhulo chathu chizitchedwa Chichewa, pamene ku Zambia chinakhalabe Chinyanja. Kuyambira pamenepo mawailesi ndi masukulu a mayiko awiriwa akhala akukokera chiyankhulo chimodzi mbali ziwiri. Munthu wa ku Mchinji amamva zonse. Amadziwa kuti wonena "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", kapena "manje" m'malo mwa "tsopano", wachokera kutsidya kapena akufuna kuti timuyese wochokera kutsidya. Wochita sewero waluso safunika kuuza oonerera kuti mtengambali uyu anapita kukagwira ntchito ku Lusaka. Amangolowa pa bwalo n'kupereka moni kwa amalume ake ndi "manje" wake, anthu n'kufa nako kuseka, chifukwa pafupifupi mudzi uliwonse uli naye mwana wotere amene anakhalako miyezi itatu yokha n'kubwerako ataiwala kuyankhula kwa kwawo. Amalumewo akayankha m'Chichewa chakuya cha kumudzi, chodzaza ndi miyambi, msemphano wa sewero lonse waoneka kale nkhani isanayambe n'komwe.

Ndalama nazo zimathandiza. Mayiko onse awiri amatcha ndalama yawo kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri. Ndaonapo kangapo masewero amene tsinde lake ndi funso limodzi lokha: pogwirizana mtengo wa mbuzi kapena wa chiwongo, ankanena kwacha ya kuti? Nkhani yotere ku Zomba ingafunike kuimasulira. Ku Mchinji mwana wa sitandade 4 amaimva.

Kunena zoona, si zonse za a nthabwala zimene ndimazikonda. Ambiri amabwereza nkhani zomwezomwezo za apongozi ndi mkamwini, za chidakwa, za mwamuna wa mitala. Kawirikawiri mkazi m'masewerowa amakhala wolongolola kapena wokonda ndalama, ndipo munthu wolumala kapena wachibwibwi amaikidwamo kuti asekedwe basi. Koma pali chinthu chimodzi chimene sitingawalande. Pa magulu onse a zisudzo m'bomali, ndi okhawa amene amadya kuchokera m'thumba la oonerera. Sewero likazizira anthu amachoka, chipewa n'kubwerera chopanda kanthu. N'chifukwa chake khutu lawo pa chiyankhulo ndi lakuthwa chotere. Mawu atsopano akamveka pa depoti ya minibasi Lolemba, Loweruka amakhala afika kale pa bwalo.

Masewero a ana a sukulu amayendera kalendala ina. Sasamala za mvula kapena za msika wa fodya. Amatsata teremu, ndipo amaima mayeso akayandikira. Muzu wake ndi mpikisano wa zisudzo wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, umene unayamba mu 1969. Cholinga chake chinali chodziwikiratu kuyambira pachiyambi: kuti ana aphunzire kuyankhula Chingerezi. Mpikisanowu ndi umene unatulutsa Du Chisiza Jr, amene sewero lake la The Deceased's Attack linapambana mu 1982 iye ali mwana wa sukulu pa HHI ku Blantyre. Mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata, ndipo mpaka pamene anamwalira mu 1999 anaonetsa kuti Mmalawi akhoza kukhalira zisudzo ngati ntchito. Gertrude Kamkwatira, amene anapitiriza ntchitoyo n'kudzayambitsa gulu la Wanna-Do, anamwalira mu 2006. Choncho palibe amene anganyoze njira imeneyi. Ndi yokhayo imene imaphunzitsa mwana kulemba sewero pa pepala, kuloweza mawu, kuima bwino pa nsanja ndi kusunga nthawi.

Vuto lake limaoneka sewerolo likatuluka m'manja mwa oweruza n'kufika kwa makolo. Ndili folomu 3 ndinachita nawo sewero la Chingerezi lonena za mtsikana amene anamukakamiza kukwatiwa. Titabwerako ku mpikisano, aphunzitsi anakonza zoti tikalionetsenso pa tsiku la makolo. Holo inadzaza. Makolo anakhala phee kwa mphindi 30, n'kuomba m'manja mwaulemu pamapeto. Anasekapo kamodzi kokha, pamene mnzathu amene ankachita mbali ya agogo anapunthwa pa benchi n'kufuula "mayo ine!" Mawu awiri amenewo sanali m'sewero. Ambiri mwa amayi amene anakhala m'holomo anakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo nkhaniyo inali yawo kuposa yathu, koma inawadutsa pamutu. Iwo anasangalala kuti ana awo akuyankhula Chizungu. Zimene anawo ankanena zinali za oweruza, chifukwa oweruzawo ndi amene anali ndi chikho.

Chakumapeto kwa chaka, dzuwa likafika poswa mtengo, kumachuluka masewero a mabungwe. Amachitika chaka chonse, koma amathithikana pakati pa 25 Novembala ndi 10 Disembala, masiku 16 olimbana ndi nkhanza, ndiponso pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira za Edzi. Ku Mchinji mitu yake imadziwika: maukwati a ana, kugwiritsa ntchito ana m'minda ya fodya, ndi kuzembetsa anthu kudutsa malire kuti akagwire ntchito m'mafamu a kutsidya. Izi si nkhani zopeka. Malamulo awiri a mu 2015, lina loletsa kuzembetsa anthu, lina lokhudza maukwati, komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 kumene kunatsimikiza kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana, zonsezi zinafunika kufika m'midzi, ndipo sewero ndi limodzi mwa njira zimene zinafikira.

Mbiri ya zisudzo zotere ndi yolemekezeka. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, imene lero ndi University of Malawi, linayamba ndi masewero ambiri a Chingerezi. Mu 1981 linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, ndipo kumeneko ophunzira anayamba kupanga masewero kuchokera pa mavuto amene anthu a m'deralo anawauza. Kuyambira 1985 Chris Kamlongera, David Kerr ndi ophunzira awo anachita ntchito yonga yomweyo ku Liwonde pa nkhani za umoyo. Kumeneko sewero linkaimitsidwa pakati, wochita sewero n'kutembenukira kwa anthu kuwafunsa kuti achite chiyani, ndipo mudzi unkakangana mpaka kupeza yankho lawolawo. Tisaiwale kuti iyi inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la mu 1968 linkafuna kuti masewero aziyamba aunikidwa ndi a boma. Sewero losalembedwa, la m'chiyankhulo cha anthu, linkapereka mpata woti anthu anene zimene sakanatha kunena pa msonkhano. Kutsidya nako gulu la Chikwakwa la pa University of Zambia, limene linayamba mu 1969, linkatengera masewero kumidzi m'ziyankhulo za kumeneko.

Zimene timaona masiku ano nthawi zambiri ndi chikopa chabe cha ntchito imeneyo. Gulu limapatsidwa uthenga wolembedwa kale ku ofesi, nthawi zambiri womasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, n'kuuzidwa kuti liuike m'sewero la mphindi 15 mlendo wolemekezeka asanayankhule. Chichewa chake chimadziwika msanga. Mumamva mayi wa kumudzi wa m'sewero akuuza mwamuna wake kuti "tiyenera kutengapo mbali pa chitukuko" kapena kuti "uku ndi kuphwanya ufulu wachibadwidwe wa mwana". Kodi ndi mayi uti amene amayankhula chonchi ali pa mtondo? Mawuwo ndi a Chichewa ndithu, koma mwini wake ndi lipoti. Oonerera amadziwa kuti funso limene afunsidwe lili ndi yankho limodzi lokha lovomerezeka, choncho amalipereka mwaulemu n'kumadikira kuti magule ayambe. Chodabwitsa n'chakuti ochita masewerowa kawirikawiri ndi anyamata omwe aja a pa msika. Mu Juni lilime lawo limathwa ngati lumo. Mu Disembala, atavala malaya a bungwe, limalemera. Luso ndi lomwelo, koma wolipira wasintha.

Pali china chimene sindinachiike pa mndandandawu mwadala. Miyezi yomweyi ya chilimwe ndi imene Gule Wamkulu amatuluka kwambiri pa ziliza ndi pa zinamwali, ndipo kumapeto kwa Ogasiti Achewa a ku Mchinji amawoloka malire kupita ku Mkaika m'boma la Katete kukachita nawo mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Bungwe la UNESCO linauzindikira guleyu mu 2005 monga chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. M'mabuku a zisudzo amalembedwa ngati kholo la masewero athu, popeza zilombo monga Maliya ndi Simoni zimatsanzira ndi kudzudzula makhalidwe a anthu. Koma akuluakulu a kwathu sangalole kuti muutche sewero, ndipo ine sindikufuna kukangana nawo m'chimangirizo cha kalasi. Ndingonena kuti anthu amene anazolowera bwalo la gule sakhala chete poonerera. Amayankha, amaimba, amalowerera. Wochita zisudzo amene akufuna kuti Amchinji akhale duu ngati ali m'tchalitchi walakwitsa malo.

Kwa ife a m'dipatimenti ya ziyankhulo, chovuta n'chakuti pa mitundu itatuyi, umene uli ndi chiyankhulo chamoyo kwambiri ndi umene susiya kanthu pa pepala. Sewero la sukulu limatsala m'kabati ya aphunzitsi. La bungwe limatsala m'lipoti, pamodzi ndi chithunzi ndi chiwerengero cha anthu amene anafika. La pa msika limatha ndi fumbi la tsiku lomwelo, pokhapokha wina atalijambula pa foni. Ndipo mafoni omwewo, pamodzi ndi nyumba zoonetsera mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa, akulanda anthu amene kale ankaponya ndalama m'chipewa. Magulu ena ayamba kujambula nthabwala zawo zifupizifupi n'kumaziika pa Facebook ndi pa WhatsApp, ena amakapempha mpata pa wailesi ya Mudzi Wathu. Wofuna kufufuza mmene Chichewa, Chinyanja cha m'tauni ndi Chinsenga zimakumanirana pakamwa pa munthu mmodzi apite ndi chojambulira mawu pa Kamwendo kapena pa Mkanda pakati pa Meyi ndi Okutobala. Akachedwa mpaka mvula yoyamba adzapeza gulu litabalalika, wina ali ku munda kwa amayi ake, wina wawoloka kukasaka ganyu ku Chipata.